Kalata ya Lenti ya 1992 ndi Chikhulupiriro Chooneka ndi Ntchito

Pa Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, tsiku la 8 Malichi 1992, Akhristu a Mpingo wa Katolika m'dziko lonse la Malawi, kuyambira ku Chitipa kufikira ku Nsanje, adalawirira ku mapemphero monga mwa chizolowezi chawo, ambiri a iwo osadziwa kuti nthawi ya ulaliki ikakwana adzamva mawu amene kwa zaka pafupifupi 30 padalibe munthu woyerekeza kuwatchula pagulu. M'maparishi akuluakulu adaimirira ndi ansembe, ndipo m'matchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi, kumene wansembe amafikako mwa kamodzikamodzi, adaimirira ndi akatekisiti ndi akuluampingo, kabuku kopyapyala kali m'manja. Pamene adayamba kuwerenga za malipiro ochepa a antchito, za mitengo yotsika imene mlimi ankagulitsira mbewu zake, za ana othithikana m'makalasi ndi odwala odzazana m'zipatala, anthu adatchera khutu monga amachitira ndi kalata iliyonse ya abusa awo. Koma wowerenga atafika pa mawu onena za anthu otsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ndi za anthu obwezedwa pakhomo la msika kapena la chipatala chifukwa chosowa khadi la chipani, m'matchalitchi ena mudagwa bata la mantha, pamene mwina amayi adalulutira, anthu nkuomba m'manja, ena misozi ili chuchuchu.

Kalata imeneyi, imene mutu wake pa Chingerezi udali Living Our Faith, idalembedwa ndi atsogoleri asanu ndi awiri a madayosizi a m'dziko muno: Ambuye James Chiona, Arkiepiskopi wa ku Blantyre; Ambuye Felix Mkhori a ku Chikwawa; Ambuye Matthias Chimole a ku Lilongwe; Ambuye Alessandro Assolari a ku Mangochi; Ambuye Allan Chamgwera a ku Zomba; Ambuye Gervazio Chisendera a ku Dedza; ndi Monsignor John Roche, wansembe wa ku Ireland amene pa nthawiyo ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu. Idasindikizidwa mwakachetechete ku Balaka, kumalo osindikizira mabuku a ansembe a chipani cha Montfort, makope 16,000, ochuluka a iwo m'Chichewa, ena m'Chitumbuka ndi ochepa m'Chingerezi, ndipo idagawidwa m'maparishi popanda phokoso, kotero kuti boma limene linkadzitama kuti lili ndi maso ndi makutu paliponse lidaimva tsiku lomwelo limene adaimva mayi wa kumudzi.

Amene adabadwa m'mbuyo mwa zaka zimenezo angadabwe kuti chidali choopsa nchiyani m'mawu otere, popeza lero zoterezi timazimva pa wailesi m'mawa ndi madzulo omwe. Nchifukwa chake nkoyenera kuwakumbutsa mmene dziko lidalili. Kuyambira mu 1966 Malawi lidali dziko la chipani chimodzi mwalamulo, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adalengezedwa kukhala Pulezidenti Wamuyaya. Mtundu wonse unkaphunzitsidwa ngodya zinayi, ndizo umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo, zimene mwa izo zokha sizili zoipa, ndipo Mkhristu aliyense angazivomereze. Choipa chidali chakuti kumvera kudasanduka kusafunsa, ndipo kukhulupirika kudasanduka kuneneza mnzako. Ganizirani mayi amene wadzuka tambala woyamba atalira, wasenza dengu la tomato, mwana ali kumbuyo, nayenda mtunda wautali kuti akagulitse kumsika apezeko ya mchere ndi sopo. Pofika pachipata apeza anyamata a chipani ovala malaya ofiira ataima chopingasa, ndipo funso lawo nlimodzi, lakuti khadi lili kuti. Akapanda kulionetsa, palibe kulowa. Akati ndalama alibe, ayenera kubwerera ndi katundu wake kapena kukakongola kuti agule khadilo. Ndipo chimodzimodzi pokwerera basi, chimodzimodzi nthawi zina pachipatala pomwe. Mayi ameneyo sadali wandale, ndipo mawu akuti ufulu wachibadwidwe mwina adali asanawamvepo, koma ankadziwa mumtima mwake kuti wachitidwa chipongwe, ndipo ankadziwanso kuti akangodandaula mokweza, mawa lake adzafunsidwa kuti mawu otere adawatenga kwa yani.

Amene adayesa kufunsa, kapena amene adangoganiziridwa kuti angafunse, mathero awo adali odziwika. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza, boma nkunena kuti idali ngozi ya galimoto, pamene bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994 lidapeza kuti adachita kuphedwa. A Orton Chirwa, loya amene adali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party, ndi mayi a kunyumba kwawo a Vera Chirwa, adagwidwa mu Disembala 1981, naweruzidwa kuti aphedwe ndi bwalo la mafumu limene silinkalola woimbidwa mlandu kukhala ndi loya womuimira. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo pa Lenti ya 1992 onse awiri adali chikhalire m'ndende ya Zomba. Mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira mu 1987 kufikira mu 1991 osauzidwa ndi khoti lililonse chimene adalakwa. Amenewa ndi odziwika, amene maina awo adamveka kunja kwa dziko. Koma kumbuyo kwawo kudali khamu la aphunzitsi, makalaliki, alimi ndi ochita malonda amene maina awo ankatchulidwa monong'ona ndi abale awo okha.

Apa mpofunika kunena chinthu chowawa, pakuti mbiri yosimbidwa mbali imodzi siphunzitsa kanthu. M'zaka zambiri zimenezo mipingo ikuluikulu ya m'dziko muno idakhala chete, ndipo atsogoleri ake ankaoneka pa misonkhano ya boma akupempherera wolamulira, osatchula amene adali m'maunyolo. Pamene a Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967, nazunzidwa koopsa mu 1972 ndi mu 1975 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, nyumba zawo nkutenthedwa, ambirimbiri nkuthawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Milange m'dziko la Mozambique, ena nkutsekeredwa ku Dzaleka, sipadamveke liwu lamphamvu lochokera kumaguwa a mipingo ina lowaikira kumbuyo. Zifukwa zake zilipo ndipo nzomveka. Akatolika adali atapsa kale mu 1960, pamene nyuzipepala ya chipani cha Congress idadzudzula Arkiepiskopi wa nthawiyo kuti akulimbikitsa chipani china cha ndale. Ndipo m'zaka za m'ma 1970 Ambuye Patrick Kalilombe a ku Lilongwe, amene adalimbikira kukhazikitsa miphakati, adakayikiridwa ndi boma mpaka adachoka m'dziko. A mpingo wa CCAP nawo adamangika manja pa chifukwa china, chakuti Pulezidentiyo ankadzitcha mkulu wa mpingo wa ku Scotland, ndipo ambiri ankamuyesa mwana wa m'nyumba; pajatu khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Koma chifukwa chomveka sichisandutsa chete kukhala chilungamo, ndipo ine ndikhulupirira kuti a Mboni aja, ngakhale ambiri a ife sitigwirizana nawo pa ziphunzitso, adali anansi athu amene tidawalambalala ali thapsa m'mbali mwa njira.

Tsono chidasintha nchiyani kuti abusa amene adakhala chete nthawi yaitali chotere atsegule pakamwa? Mbali ina idali ya nyengo: nkhondo ya mawu ya pakati pa maiko a kuzambwe ndi a kuvuma idali itatha, Nelson Mandela adali atatuluka m'ndende mu 1990, ndipo anansi athu a ku Zambia adali atasintha boma mwa chisankho mu 1991. M'dziko muno chaka cha 1992 kudali chilala chachikulu, ndipo tinkasunga othawa nkhondo a ku Mozambique okwana ngati miliyoni imodzi. Koma mbali yozama idali ya chiphunzitso cha Mpingo womwewo, chimene chidakhala chikukhwima kwa zaka zambiri. Mu 1963 Papa Yohane XXIII adalemba kalata yotchedwa Pacem in Terris, mmene adafotokoza kuti munthu aliyense ali ndi maufulu ochokera m'chilengedwe chake monga munthu, amene boma silichita kumugawira ndipo silingamulande. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, udatsimikiza za ulemerero wa munthu ndi ufulu wa chikumbumtima. Ndipo msonkhano wa aepiskopi wa 1971 ku Rome udaphunzitsa kuti kugwirira ntchito chilungamo ndi gawo lenileni la kulalika Uthenga Wabwino. Papa Yohane Paulo II adachezera dziko lino mu Meyi 1989. Aepiskopi athu adali ataphunzira zonsezi, nazilalikira mwa apo ndi apo. Chimene chidatsala ndicho kuzitchula ndi maina a kwathu kuno, kuti chiphunzitso cha m'mabuku chifike pachipata cha msika chija.

Chimene chimandigwira mtima koposa ndikamaganizira kalatayi ndi dongosolo la nkhani zake. Munthu wofuna kugwetsa boma akadayambira pa Pulezidenti, nayamba kuwerenga milandu ya nduna zake. Koma kalatayi sidatchule dzina la munthu aliyense woti aimbidwe mlandu, sidaitanitse chisankho, sidanene kuti pakhale zipani zambiri, ndipo m'malo ena idayamikira zabwino zimene boma lidachita. Idayambira pa mphika ndi pa thumba: kusiyana kokulirakulira kwa olemera ndi osauka, malipiro osakwanira kudyetsa banja, ziphuphu ndi kukondera achibale. Idapita kusukulu, niona kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku, ndi ana ambiri osaphunzira. Idapita kuchipatala, nitchula kusowa kwa ogwira ntchito ndi kufala kwa matenda a Edzi, amene pa nthawiyo anthu ankachita manyazi kuwatchula. Itatha zonsezo mpamene idafika pa ufulu wa kulankhula ndi kusonkhana, pa kutsekereza mabuku ndi nkhani, pa zopereka zokakamiza, pa anthu omangidwa chifukwa cha maganizo awo, ndi pa makhoti oyenera kuweruza mosaopa wolamulira. Abusawo adaona kuti zinthu zimenezi nzolumikizana, pakuti wantchito amene saloledwa kudandaula adzalandirabe malipiro a njala, ndipo namwino amene akuopa kunena kuti mankhwala atha adzangoyang'ana odwala ake akufa. M'kalatamo mudalibe chinsinsi chilichonse chimene anthu sadachidziwe. Mphamvu yake idali yakuti zimene aliyense ankanong'oneza mkazi wake usiku chitseko chili chotseka, zidanenedwa masana, m'nyumba ya Mulungu, m'dzina la chikhulupiriro, ndipo munthu aliyense atacheuka adaona kuti mnzake wa pambali pake akugwedezanso mutu. Akuluakulu adati chetechete sautsa nyama.

Yankho la olamulira silidachedwe. Pa 10 Malichi aepiskopiwo adaitanidwa kupolisi ku Kanjedza mumzinda wa Blantyre, kumene adafunsidwa kwa maola ambiri, makamaka kuti awulule amene adalemba; iwo adaimirira pa mawu amodzi, akuti kalatayo ndi yawo onse. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndi kuti aliyense wopezeka nayo aipereke kupolisi, apo ayi aimbidwa mlandu. Tsiku lotsatira akuluakulu a chipani adasonkhana ku Lilongwe, ndipo pamsonkhano umenewo ena adalankhula poyera zakuti aepiskopiwo aphedwe; mawuwo adajambulidwa pa tepi imene pambuyo pake idatuluka nimveka kunja kwa dziko. Kumalo osindikizira mabuku ku Balaka kudaikidwa moto. Ndipo pa Lachisanu Loyera, pa 17 Epulo, Monsignor Roche, amene boma lidamuyesa mwini wake wa zonsezi poganiza kuti Amalawi paokha sakadalimba mtima chotere, adalamulidwa kutuluka m'dziko.

Pa masabata amenewo katundu wolemera adagwera anthu wamba, ndipo mbiri siiyenera kuwaiwala. Episkopi ali ndi dzina lodziwika ku Rome ndi ku London, ndipo womugwira amayamba waganiza kawiri. Koma katekisiti amene adawerenga kalata ija kumudzi adabwerera madzulo kunyumba yake ya udzu, moyandikana ndi wapampando wa nthambi ya chipani, popanda womuteteza. Ngakhale zidali choncho, anthu ambiri sadapereke makope awo. Adawabisa kudenga ndi pansi pa mphasa, adabwerekana usiku, ndipo ogwira ntchito m'maofesi adawachulukitsa pa makina a fotokope mabwana atatuluka, ena nkumangidwa chifukwa cha chimenecho. Anthu a mipingo ina ndi Asilamu omwe adaifunafuna kuti adziwerengere okha. Ophunzira a pa Chancellor College ku Zomba adayenda pamsewu kuonetsa kuti ali pambuyo pa aepiskopi, ndipo sukuluyo idatsekedwa. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito, adatsika ndege ku Lilongwe ndi uthenga wofuna ulamuliro wa zipani zambiri, namangidwa pabwalo la ndege pomwepo. Ku Mzuzu mbusa wa CCAP, a Aaron Longwe, adatsekeredwa chifukwa cha ulaliki wawo. Kumayambiriro kwa Meyi antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala ntchito, sitalakayo nifalikira, ndipo pa zipolowe zimene zidatsatira apolisi adaombera anthu, nafa makumi angapo. Mwezi womwewo maiko othandiza Malawi, atakumana ku Paris, adaimitsa thandizo lawo kupatula lothandiza anthu ovutika, kufikira boma litalemekeza ufulu wa anthu ake.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito imene Akatolika adaiyamba sikadafika patali ikadapanda kulandiridwa ndi ena. Mu Juni 1992 atsogoleri ena a CCAP, pamodzi ndi nthumwi za bungwe la mipingo ya Reformed ya pa dziko lonse, adapereka kalata yawo kwa Pulezidenti yopempha kuti nkhani zimene aepiskopi adatchula zifufuzidwe ndi kukonzedwa. M'miyezi yotsatira mudabadwa bungwe la Public Affairs Committee, limene lidasonkhanitsa Akatolika, a CCAP a masinodi a Blantyre ndi Livingstonia, a Anglican ndi mipingo ina, Asilamu, maloya ndi a zamalonda, nilikhala pansi kukambirana ndi nduna za boma. Pa 18 Okutobala Dr Banda adalengeza kuti kudzakhala riferendamu. Patangopita masiku awiri, pa 20 Okutobala, a Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba osaona dziko limene adalilakalaka. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha pakati pa tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi, ndi nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndipo oposa 63 mwa anthu 100 alionse adasankha nyali. Chaka chomwecho a Vera Chirwa adali atatulutsidwa, ndipo chiletso cha a Mboni za Yehova chidachotsedwa. Chisankho chidachitika pa 17 Meyi 1994, ndipo malamulo aakulu a dziko amene tili nawo lero ali ndi mutu wathunthu, wachinayi, wonena za ufulu wachibadwidwe.

Alipo Akhristu oona mtima, ndipo sindiwanyoza, amene kufikira lero amati mpingo usalowerere za dziko, ntchito yake ndi kukonzera anthu za kumwamba, ndipo amakumbutsa mutu 13 wa kalata ya Paulo kwa Aroma, umene umalangiza okhulupirira kugonjera olamulira. Nkhawa yawo ili ndi maziko, pakuti taonanso m'zaka za ufulu zino abusa ena akusanduka alaliki a zipani, akulandira maenvelopu pa misonkhano ya ndale, nadalitsa amene wawapatsa zambiri. Mbusa wotere wagulitsa guwa, ndipo tsiku limene adzafune kudzudzula choipa palibe adzamumvere. Koma mutu womwewo wa Aroma umanenanso chifukwa chimene wolamulira adaikidwira, ndicho kuchitira anthu zabwino ndi kuletsa zoipa. Ndipo Malembo omwewo amatisimbira za Natani, amene adalowa m'nyumba ya Mfumu Davide kukaionetsa tchimo lake pa nkhani ya Uriya, za Eliya amene adakumana ndi Ahabu m'munda wamphesa wa Naboti, za Amosi amene adadzudzula ochita malonda onyenga pa miyeso, ndi za Yohane Mbatizi amene adataya mutu wake chifukwa chouza Herode zoona. Palibe mmodzi wa amenewa adafuna mpando wa mfumu. Kwathu kuno mfumu ya nzeru idali ndi nduna ndi ankhoswe oiuza pamene yaphotchola, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo pali kusiyana kwakukulu pakati pa mpingo wopempha mavoti m'malo mwa chipani, ndi mpingo wofunsa chipani chilichonse cholamula kuti mkaidi uyu walakwanji ndipo mankhwala a m'chipatala apita kuti.

Alipo enanso amene amati nkhani ya ufulu wachibadwidwe ndi ya Azungu, idabwera ndi mabungwe, ndipo ndiyo yaononga ana athu kuti asamamvere makolo. Nzoona kuti chikalata chachikulu cha maufuluwa chidavomerezedwa ndi bungwe la United Nations ku Paris pa 10 Disembala 1948, dziko lathu likadali m'manja mwa atsamunda. Nzoonanso kuti mawu akuti ufulu ena awasandutsa chishango cha mwano ndi ulesi. Komatu Mkhristu sayenera kudikira chikalata cha ku Paris kuti adziwe mtengo wa munthu, popeza tsamba loyamba la Baibulo lake limamuuza kuti mwamuna ndi mkazi adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo Uthenga Wabwino umamuuza kuti Mwana wa Mulungu adavala thupi lomweli, nagwidwa usiku, naweruzidwa mwachinyengo, nakwapulidwa ndi asilikali a boma. Makolo athu nawo, amene ankati mlendo asagone ndi njala ndipo mlandu usagamulidwe mbali inayo isanalankhule, adaudziwa umunthu asanaone buku. Mbusa John Chilembwe, pamene adalemba kalata yake mu 1914 kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, sadatume munthu ku Ulaya kukafunsa ngati moyo wa Mnyasa uli ndi mtengo. Ndipo ufulu umene Mkhristu amaulimbikira kwenikweni ndi wa mnzake, makamaka wa iye amene alibe pakamwa; ufulu wa mnzanga ndiwo udindo wanga, kotero kuti amene waumvetsa bwino amachuluka ulemu, sachepa.

Mipingo ya m'dziko muno ili ndi mbiri yaitali ya ntchito zachifundo, ndipo palibe angaikane. Sukulu zoyamba zidali za mishoni, ndipo kufikira lero zipatala za mipingo, pansi pa bungwe la CHAM, zimasamalira gawo lalikulu la odwala, makamaka kumidzi kumene chipatala cha boma chili kutali. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano ndi a mabungwe a Chikatolika ndiwo amatunga madzi pamaliro, kuphikira odwala ndi kulera ana amasiye. Kalata ya Yakobo imafunsa phindu la kuuza mbale wausiwa ndi wanjala mawu okoma a madalitso osamupatsa chofunda kapena chakudya, ndipo pa mbali imeneyi Akhristu a kuno sadagone. Chimene kalata ya 1992 idaonjezera ndi funso lachiwiri, lovutirapo, limene silikondweretsa aakulu: chifukwa chiyani mbaleyu ali wausiwa chaka ndi chaka, ndipo ndani akudya thukuta lake? Kupatsa mkazi wamasiye thumba la chimanga ndi chifundo, ndipo aliyense adzakuyamika. Koma kuima naye pabwalo pamene abale a malemu mwamuna wake abwera kudzalanda nyumba, mbuzi ndi makina osokera, ndi kuwauza kuti lamulo la dziko limaletsa kulanda chuma cha masiye, kumeneko kumadanitsa, pakuti olandawo kawirikawiri ndi Akhristu anzathu a mumpingo momwemo, ena a iwo oimba kwaya.

Masiku ano khadi la chipani kulibe, ndipo munthu angathe kudzudzula Pulezidenti pa wailesi nkukagona kwawo. Koma anthu ogona m'mbali mwa njira sadathe. Kuyambira cha kumapeto kwa 2014 dziko lino lidachita manyazi ndi kubedwa ndi kuphedwa kwa abale athu achialubino, ngakhale manda awo kufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Ndipo amene adagulitsa ana otere nthawi zina adali achibale awo enieni. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba a banja limodzi adaphedwa ndi khamu la anthu powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi, ndipo nkhani zofanana ndi imeneyi zimamvekabe chaka ndi chaka. Zoterezi sizichitika ku nyumba ya boma, zimachitika m'midzi mmene muli tchalitchi pa mtunda uliwonse, ndipo m'khamu lonyamula miyala simulephera kukhala obatizidwa. Aepiskopi apitiriza kulemba makalata, a CCAP ndi mipingo ina nawonso amalemba, bungwe la Chilungamo ndi Mtendere la Mpingo wa Katolika likuphunzitsa anthu m'maparishi, ndipo Public Affairs Committee ikadalipo. Koma kalata yochokera ku likulu siingaime pakhomo la gogo usiku umene anyamata abwera ndi zibonga. Woti aime pamenepo ndi mkulu wa mpingo wa m'mudzimo, ndi wapampando wa mphakati, ndi mayi wa Mvano woyandikana naye nyumba, amene angathe kumulowetsa gogoyo m'nyumba mwake, kutuma mwana kwa mfumu ndi kuimbira foni apolisi, ngakhale akudziwa kuti mawa lake adzatchedwa mnzawo wa mfiti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ukalamba ukudza kwa tonse.

Malo ena amene kalata ya 1992 idaloza, ndipo akadali chilozere, ndi ndende zathu. Mu 2009 khoti lalikulu, pa mlandu umene mkaidi wina adasumira boma m'malo mwa akaidi onse, lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende za m'dziko muno ndi nkhanza zosayenera munthu, nililamula boma kuti lichepetse chiwerengerocho. Komabe ku Maula, ku Chichiri ndi ku Zomba anthu akadagona mopanikizana, ndipo pakati pawo pali ambiri a pa limandi, amene khoti silinawapeze olakwa. Malamulo athu amati munthu akamangidwa aonekere pamaso pa khoti pasanathe maola 48, ndi kuti ali ndi ufulu wopempha belo ndi wozengedwa mlandu m'nthawi yoyenera. Koma mnyamata wa kumudzi woganiziridwa kuti waba nkhuku kapena njinga sadziwa zimenezi, ndipo abale ake alibe ya basi yoti adzamuone. Magulu a mipingo amapita kundende kawirikawiri, atanyamula sopo, shuga ndi mabuku a nyimbo, ndipo amachita bwino. Pa ulendo womwewo angathe kunyamulanso kope ndi cholembera, nafunsa mkaidi aliyense wa pa limandi kuti adalowa liti, mlandu wake ndi wotani, adaonekera kukhoti komaliza liti, ndipo kwawo akudziwa kapena ayi. Maina amenewo akawatula ku ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, kwa alangizi a zamalamulo amene amayendera ndende, kapena kwa a bungwe la Chilungamo ndi Mtendere, pakuti amajisitireti nthawi zina amakakhazikitsa khoti m'ndende momwemo kuti aunike milandu yokhalitsa, ndipo dzina limene lalembedwa ndi kuperekedwa ndilo limayamba kuitanidwa.